Khofi Adazizira kwa Ovadia

Mukafunsa mu Yerusalemu monse kuti ndani adadyetsa nthumwi za mtendere, adzakulozerani ine, Shukri, bambo a Ziad. Ndidayamba ndi kangolo ka tayala limodzi pa Chipata cha Damasiko, ndikugulitsa mkate wa chitowe ndi mazira ootcha, kuphazi kulibe nsapato. Lero ndili ndi malo odyera ku Yerusalemu, ku Ramala ndi ku Amman. Ku Madrid ndidafikako, ku Washington ndidagonako, ku Kairo amandidziwa ndi alonda a pakhomo omwe. Wophika wina wa ku Ulaya ndidamuuza m'maso muli gwa kuti munthu amene wadya nsomba yosaphika sangakhululukire mnzake.

Nthumwi zathu zikamapita kokambirana ndi Aisraeli zinkanditenga pamodzi ndi miphika yanga. Ndidaona amuna akulozana zala m'mawa, maso ali psu, kenako masana n'kumalimbirana mwendo wa nkhosa m'mbale imodzi. Ndinkawauza kuti, "Ndipatseni nkhosa ziwiri ndi chitseko chokhoma bwino, mawa mudzadzuka muli ndi dziko." Ankaseka Aarabu, ankaseka Ayuda, azungu oyimira pakati nawonso ankaseka akawamasulira.

Amene sankaseka anali mlongo wanga Widad, amake Bassam. Ndi wamkulu kwa ine, ndipo ndi amene adandilera ku Beit Jala, kufupi ndi Yerusalemu, mayi athu atamwalira. Mwana wake Bassam anali m'ndende ya kuchipululu. Sindibisa: galimoto imene Bassam adayendetsa tsiku lija idanyamula anthu amene adapha msilikali, mwana wa eni ake. Adalowa m'ndende ndevu zisanamere bwino.

Pangano lililonse likasainidwa, mabasi ankabwera ndi akaidi omasulidwa. Widad ankavala deresi lake lopeta, n'kuphika mpunga wa nkhuku, n'kukaima padzuwa pamodzi ndi amayi anzake. Basi inkatsitsa ana a anthu mpaka kutsala dalaivala yekha. Ankatiuza kuti amene ali ndi magazi m'manja adikire gawo lotsatira la zokambirana. Mpungawo ankadya ndi anansi.

Chilimwe china, mpira wa zokambirana utafika poti aliyense ankati tsopano zitheka, dokotala adanditengera pambali. Adati Widad sadzaona kukolola kwa maolivi. Ine sindidamuuze, koma iye adadziwa, poti thupi ndi lake.

"Shukri," adatero ali chigonere, "iwe umati udadyetsa akuluakulu a dziko lonse lapansi."

"Onse, achemwali. Ena mpaka adanyambita zala."

"Pa onsewo palibe mmodzi amene ali ndi kiyi?"

Ndidakumbukira Ovadia, bambo a Ronen. Anali Myuda wobadwira ku Basra, mzinda wa Aarabu, ndipo ankakhala m'kagulu kokambirana za akaidi kumbali ya Aisraeli. Chiarabu ankachiyankhula ngati akudya uchi, ndi miyambi yomwe. Kulikonse kumene tinkapita ankazemba pamsonkhano n'kulowa m'khitchini mwanga kudzapala nkhoko za mpunga.

"Wakuba iwe," ndinkamuuza, "minda mudatenga, tsopano wafika pa nkhoko zanga?"

"Khala chete, bambo a Ziad. Za mphika uwu sitidagwirizanebe malire ake."

Ndidauza Widad kuti ndipita ndekha kwa Ovadia, poti izi n'za amuna, ndiponso ine ndekha ndimalemera kuposa nkhalamba khumi za ndodo zimene anthu amatuma kukapempha. Iye adati ndizitengera kulemera kwangako kumsika. Tsiku limene adali ndi chilolezo chopita kuchipatala ku Yerusalemu, titatuluka kwa dokotala, ndidakhotetsa galimoto kulowera kumadzulo kwa mzinda.

Ovadia adatsegula chitseko atavala patapata. "Bambo a Ziad! Wabwera kudzalanda nyumba kapena wabwera ndi mpunga?" Ataona mayi ali kumbuyo kwanga atagwira khoma, adameza nthabwala yake. "Lowani, mayi. Nyumba ndi yanu."

Mkazi wake Mazal adabwera ndi khofi m'timakapu tating'ono. Widad adalandira ndi dzanja lamanja, adathokoza, ndipo adaika kapu pathebulo osaigunditsa pamlomo. Nanenso ndidaika yanga. Nkhope ya Ovadia idagwa pomwepo.

Mazal adabadwira ku Haifa kwa makolo a ku Ulaya, choncho sadaone kanthu. Adafunsa m'Chiheberi ngati khofiyo wawawitsa, kapena abweretse shuga.

"Usawakakamize," adatero Ovadia. "Abwera ndi pempho. Samwa mpaka mwini nyumba atanena kuti, imwani, chimene mwadzera mwapatsidwa."

"Ndiye nena, munthuyu akudwala."

"Sukudziwa chimene ukunena, Mazal. Khala pansi."

Ndidakonza kukhosi. Mawu ndidali nditawakonza m'njira monse, mawu onona, oyambira kwa kholo lathu Abrahamu. Widad adandigwira bondo kuti nditseke pakamwa.

"Bambo a Ronen," adatero, "ine ndine amake Bassam wa ku Beit Jala. Dzinalo mukulidziwa."

"Ndikulidziwa, mayi."

"Sindidabwere kudzanena kuti sadalakwe. Mayi wa mnyamata adafa uja ndimamuganizira ndikamapemphera, mukhulupirire kapena ayi. Koma ine ndikupita. Ndikufuna mwana wanga adzanditseke maso ndi kundinyamula paphewa. Akatero mudzamutengenso ngati mukufuna."

Ovadia adayang'ana timakapu tija nthawi yaitali. Nthunzi ya khofi idali ikuchepa. Adayamba kufotokoza kuti dzina la Bassam adalitchulapo kangapo, kuti nkhani ya akaidi aimangirira ku nkhani ya malire, ya malire aimangirira ku ya Yerusalemu, ndipo ya Yerusalemu aisiyira akuluakulu amene adali kutsidya la nyanja. Adati mwina chaka chamawa.

"Chaka chamawa n'cha inu," adatero Widad. "Ine ndafunsa za chaka chino."

Ndidaimirira n'kumukoka Ovadia ndi malaya mpaka kukhitchini.

"Nena mawuwo," ndidanong'ona. "Angomwa basi. Kwatsala masabata owerengeka. Afe akudikira ndi chimwemwe, zikuvuta pati?"

"Ukuti ndiwanamize?"

"Inu ndi nthumwi zathu zija mwakhala mukutinamiza tonse pa wailesi zaka zonsezi, mutavala mataye. Bodza limodzi laling'ono lakukanika lero?"

"Kumsonkhano ndimanena zimene andituma. Muno ndi m'nyumba mwanga." Adatsamira sinki. "Bambo anga ku Basra adanenapo mawu amenewo kwa munthu wina, ndipo adagulitsa sitolo kuti awakwaniritse. Ndikawanena lero, mlongo wako apita kukaphika, akaima pamsewu. Iwe ukamuuza chiyani basi ikafika?"

Ine amene ndidatsutsana ndi akazembe, ine amene ndidagulitsa ayisikilimu kwa Anorwe m'nyengo yachisanu, ndidangomutukwana ndi mawu a pa Chipata cha Damasiko. Adangogwedeza mutu ngati ndamupatsa moni.

Titabwerera tidapeza Mazal atakhala pafupi ndi Widad, akumuikira pilo kumsana. Adali atachotsa khofi wozizira n'kuthira wina wotentha, poganiza kuti mwina zithandiza. Nayenso adali pathebulo osakhudzidwa.

Ovadia sadakhale pampando. Adagwada pa kapeti patsogolo pa mlongo wanga, bambo wa imvi, mawondo akulira.

"Amake Bassam, kumutulutsa sindingathe. Ndikanena kuti ndingathe, Mulungu andidule lilime. Chimene chili m'dzanja langa ndi ichi: mkulu wa ndende ija tidali limodzi ku usilikali. Mukamuona mwana wanu m'chipinda, popanda waya pakati, popanda galasi. Mukamugwira. Ndi chochepa, ndikudziwa."

Kuyambira tsiku limene adamangidwa, Widad adali asanamukhudzepo Bassam kupatula nsonga za zala pa mabowo a waya. Ine mumtima ndinkati akane, tituluke mitu ili m'mwamba, ndikadandaule kwa nduna zimene zidadya nkhosa zanga.

"Ndidabwera kudzapempha mwana wathunthu," adatero Widad.

"Ndikudziwa, mayi."

"Mwandipatsa fungo lake lokha." Adapumira m'mwamba. "Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Nenani mawuwo."

"Imwani khofi wanu, amake Bassam. Chimene ndanenachi mwapatsidwa."

Adanyamula kapu ndi manja awiri. Khofi adali atazizira kale, koma adamwa mpaka kutsala nsenga zokha. Yanga ndidaisiya pomwepo, ndipo Ovadia adaiona.

Akuluakulu aja adabwerako kutsidya la nyanja manja ali zii, aliyense akuloza mnzake. Mzinda udayamba kununkha utsi wa matayala. Ndidaganiza kuti lonjezo lapsera momwemo, koma m'mawa wina Ovadia adaimba foni.

"Bwera naye lero. Mawa misewu itsekedwa, ndipo dzina langa silidzagula ngakhale mkate."

Adatidikira pa malo ofufuzira, atavala jekete lake la kumisonkhano, ndipo adakangana ndi asilikali aang'ono ngati zidzukulu zake mpaka adakweza chitsulo chotchinga msewu. Adatitsogolera ndi galimoto yake ulendo wonse wa kuchipululu. Widad adagona kumpando wakumbuyo, atavala deresi lopeta lija, limene tsopano linkamukwana kawiri. Pachipata cha ndende Ovadia adatsala panja. Adati iye gawo lake lathera pomwepo.

Adatilowetsa m'kachipinda ka mipando itatu ndi zenera lam'mwamba. Chitseko chitatseguka padalowa bambo wadazi, wowerama pang'ono, wa imvi m'mbali. Ndidatsala pang'ono kufunsa kuti Bassam ali kuti.

"Amayi," adatero. Kenako kwa ine, "Amalume."

Widad adayesa kuimirira koma miyendo idakana. Bassam adagwada n'kuika mutu pamiyendo pake. Ndinkayembekeza kulira kwa maliro. M'malo mwake mlongo wanga adayendetsa manja pamutu pa mwana wake, m'makutu, m'khosi, ngati mayi wofufuza nsabwe.

"Tsitsi lidapita kuti?"

"Ndidatengera amalume."

"Usandinamizire," ndidatero, "langa lidathothoka ndi nzeru. Lako n'chiyani?"

Bassam adaseka pang'ono. Widad adamununkhiza m'khosi, adakwinya mphuno.

"Ukusuta."

"Pang'ono, amayi."

"Pang'ono pati, ukununkha ngati basi ya ku Hebroni. Ndipo kolala iyi adakusokera ndani, wakhungu?" Adaitembenuza uku ndi uku. Singano adali atamulanda pachipata, ndiye adangoiwongola ndi chala chonyowetsa malovu, mobwerezabwereza.

Adamuuza za mtengo wa mandimu wa pakhomo, za mwana wa anansi amene adakwatiwa ndi wokonza mafiriji, za denga lodontha. Za matenda sadanene. Bassam naye sadafunse, ngakhale dzanja lake lidazungulira mkono wa mayi ake n'kutsala malo.

"Amalume," adatero osandiyang'ana, "inu mumakhala nawo akuluakuluwo. Zikutheka?"

Adayankha ndi Widad.

"Gawo lotsatira, mwanangu. Udye bwino, usiye fodya."

Mlonda adagogoda, adadikira, adagogodanso. Bassam adapsompsona dzanja la mayi ake n'kuliika pamphumi pake. Widad adagwira malaya ake kumsana, ndipo mlondayo, mnyamata wa ziphuphu, adayang'ana kudenga mpaka zala zija zidamasuka zokha.

Pobwerera dzuwa lidali likuotcha mchenga mbali zonse. Wailesi inkanena za anthu ophedwa ku Yerusalemu ndi za nthumwi zimene zidzakumanenso posachedwa. Ndidaitseka. Ndinkaganiza kuti Widad wagona, koma adayankhula dzanja lake lili pamphuno.

"Shukri, usatsegule zenera. Fungo lake lingachoke."

Tidayenda m'chithukuta chomwecho mpaka ku Beit Jala. Adamwalira maolivi asanade, misewu yonse ili yotseka. Maso ndidamutseka ndine, ndipo paphewa tidamunyamula ine ndi ana a anansi. Bassam adamva patapita masabata, kwa loya.