Mipando pabwalo

Foni inalira Esnat akuvula jombo, atangoweruka kothyola tiyi. Anali mkamwini wake, mwamuna wa mwana wake Triza: Triza wachira kuchipatala cha pa Boma, mwana ndi wamkazi, awatulutsa mawa. Esnat anavina ndi jombo imodzi kuphazi. Koma mkamwiniyo anawonjezera mawu amene anamuwawa, akuti poti kwa amayi malo ndi ochepa, chikuta akakhalira kwa apongozi a Triza ku Luchenza.

Malo ochepa? Nyumba ya pa esiteti ili ndi zipinda ziwiri. Kungoti chachiwiricho chinadzaza ndi zinthu za amuna ake, a Fabiano, zomwe dzina lake linali limodzi: zidzafunika. Esnat anauza mkamwini kuti adzere konkuno adzaone yekha. Akapeza pogona palibe, apite naye mwanayo.

M'mawa anapempha tsiku kwa kapitawo, n'kuyamba kutulutsa zonse, poti chinthu chili pakona sungadziwe ngati n'chabwino kapena chinawola kale. Mipando ya pabalaza anaitulutsanso kuti njira ipezeke. Pabwalo anaunjika milu itatu: zotsala, zopatsa anthu ndi zotaya. Chimene sichinagwiridwe zaka ziwiri chinalibe chonena.

A Fabiano ankazungulira miluyo ngati nkhuku yolandidwa anapiye. Anakumbatira mawailesi atatu osalankhula ndi dengu lothyolera tiyi lobooka pansi, akuti zidzafunika.

"Bambo a Triza, wailesi iyi inatseka pakamwa Triza ali sitandade folo. Sankhani imodzi, ndilibe nthawi."

Asanasankhe, kunjira kunamveka kulira. Amayi asanu ndi mmodzi ankabwera pamzere, mipango kumutu, wina atasenza nkhuni. Patsogolo panali Anesi wa nyumba yoyandikana nayo. Iye anaona mipando pabwalo, anadziwanso kuti Triza ali kuchipatala, ndipo kumalayini kuno mipando imatuluka panja pakagwa maliro. Sanafunse, anangothamanga kukauza anzake.

Esnat anaima ndi tsache m'manja n'kufunsa kuti wamwalira ndani. Anesi anatchula Triza akusisima.

"Triza ali moyo, wandibalira mdzukulu. Pukutani misozi, mwafika bwino, ntchito ilipo."

Kulira kunasanduka nthungululu. Anesi anagwa pansi ndi kuseka, kwinaku akukalipa kuti munthu satulutsa mipando osauza anansi, anthu adzafa ndi mtima. Esnat anangomupatsa ndowa ndi chikolopa. Wina anakhoma misomali kukhoma kuti zikwama ndi maambulera zichoke pansi. Wina anadula zigubu zakale pakati, mwina mukhale sopo, mwina matewera. Wa nkhuni uja anauzidwa kuti asabwerere nazo, atenthetse madzi osamba a Triza.

Mulu wa zopatsa anthu unatha a Fabiano asanatembenuke. Dengu lobooka linapita kukavindikira anapiye a Anesi, mawailesi awiri anapita ndi mayi wina amene mlamu wake amakonza pa Luchenza. Zotaya Esnat anakaziponya yekha kudzenje, podziwa kuti akatuma amuna ake zibwerera pakhomo lakuseri.

Dzuwa litapendeka, galimoto inaima pamsewu wa fakitale. Mkamwini anatsika yekha, nasuzumira m'chipinda muja: pansi powala, matiresi pamphasa, neti yokoloweka kale, zenera lotsegula koyamba m'zaka zisanu. Anakanda m'mutu, n'kubwerera kugalimoto kukatsitsa chikwama.

Esnat anasamba m'manja mofulumira, nathamangira kumsewu kukalandira mwana.