Chigubu cha Mtanda Woyera

A Vitus Gondwe, woyang'anira magalimoto a bungwe lina ku Nairobi, anayamba kusonkhanitsa zigubu zachitsulo za asilikali mu 1993. Pofika 2000, chipinda cha alendo m'nyumba yawo ku South C chinali chitadzaza. Zambiri zinali za Angerezi, zodindidwa WD ndi kamuvi. Chimene ankasowa chinali chimodzi: cha Ajeremani, chamadzi, cha mtanda woyera.

Chaka chimenecho kunagwa chilala, mipope inauma. Akazi awo, a Emmie, anapempha zigubu ziwiri zosungiramo madzi.

"Izi zinali za petulo," anatero a Vitus.

"Nanga izo?"

"Izo n'zamadzi. Madzi amazichititsa dzimbiri."

A Emmie anaitana Wafula, bambo wogulitsa madzi pa ngolo yokankha. Pakati pa zigubu zake zachikasu zapulasitiki panali chachitsulo chimodzi. A Vitus anagwada, napukuta matope ndi taye. Zogwirira zitatu, mtanda woyera, chaka 1942.

"Ndigulitse."

"Mzee, ndimagulitsa madzi. Mukatenga chigubu mudzandiitananso?"

Kuyambira tsiku limenelo a Vitus ankagula madzi kwa Wafula yekha, ndipo ankakhuthula okha chigubucho, pang'onopang'ono, akusisita msoko wake ndi chala. Madramu atadzaza anayamba kuthirira kapinga, kenako kapinga wa aneba. Mvula itabwera mu Novembala ndipo mipope itayambanso, iwo anatseka mpope waukulu wa kuseri kwa nyumba.

"Kwa aneba madzi akutuluka," anatero a Emmie.

"Paipi yawo ndi ina."

"Inu bambo, ndinakuonani ndi sipanala."

Mu Malichi 2001, Wafula anabwera ndi ngolo yatsopano, zigubu zonse zachikasu.

"Chachitsulo chili kuti?"

"Chinayamba kudontha pansi."

"Bwanji osandigulitsa?"

Wafula anakhumudwa. "Inu, amene mwandigulira ngolo iyi ndi ndalama zanu zamadzi? Ndikupatseni chinthu chodontha? Ndinapatsa mlamu wanga ku Kawangware, amapanga mbaula."

A Vitus anakwera minibasi masana omwewo. Anabwerako ndi mbaula, theka la mtanda likuonekabe pambali. Pa chaka panatsala 194, nambala yomaliza inapita ndi kachitseko ka phulusa. Anaiika pa shelefu yapamwamba.

A Emmie anaiyang'ana. Magetsi anali atazima.

"Musandiuze," anatero. "Makala amaiwononga."

"Amaiwononga," anavomera a Vitus.