Abakha Ofiirira M'khola la Alamu

Ntchito yanga ndi yowerenga abakha am'tchire padambo. Pali mitundu iwiri yapachibale. A nkhope yoyera ndi ambirimbiri, koma ofiirira anangotsala khumi ndi anayi, ndipo kuwagwira n'koletsedwa.

Tsiku lina alamu anga, omwe ndi mlenje, anabwera ku ofesi atavula chipewa.

"Alamu, ndiphunzitseni kuwasiyanitsa," anatero. "Ndingadzaphe osowawo mosadziwa."

Ndinaona ngati ndatola nkhwangwa ndi mpini womwe. Ndinawabwereka buku la zithunzi, n'kupita nawo kudambo, mpaka kuwalozera bango limene ofiirirawo amaikiramo mazira.

Lolemba lotsatira ndinawerenga atatu okha. Ndinabwereza kanayi konse.

Poweruka ndinapita kwa achemwali, akazi a alamuwo, kukadandaula. Kuseri kwa nyumba ndinamva kulira konga likhweru. M'khola la nkhuku munali abakha khumi ndi mmodzi, mapiko odulidwa.

"Alamu, n'chiyani chimenechi?"

"Akutauni amafuna osowawa," anayankha osaphethira.

Ndinawayang'ana abakhawo mmodzimmodzi, kufunafuna wa nkhope yoyera. Munalibe ngakhale mmodzi. Alamu sanalakwitse. Ndinawaphunzitsa bwino, chitsiru ine.