Nambala ya Malemu a Chipewa

Foni ya amayi inafa Lolemba m'mawa, tsiku lomwe amalume anati atumiza ndalama. Kuyaka imayaka, batire lodzaza, koma pakona paja pamakhala timizere ta netiweki panali mbee. Amayi anaigwedeza, anaipukuta, anandituma kuti ndikaikweze pachulu. Zii.

Ndalamazo zinali za maso a bambo. Bambo anga ndi telala, koma ng'ala inawaphimba maso onse awiri moti ulusi pasingano ndimawalowetsera ndine. Madokotala a maso amabwera m'tauni kamodzi pachaka, ndipo ulendo uno ankanyamuka Lachisanu. Kuwaphonya, ndiye kuti bambo akhale chaka china mumdima.

Ine kuno ku kampu ya othawa kwawo amanditchula Wailesi. Akuti nkhani ikalowa m'khutu mwanga sigona. Nanga ndi mlandu wanga anthu akamayankhula mokweza pamjigo?

Tsono kuti mumvetse, nambala ya amayi sinali ya amayi. Titangofika kuno, sankatilola kulembetsa simu chifukwa tinalibe chitupa cha nzika. Aliyense ankabwereka dzina. Umapeza munthu wa m'mudzi wakufuna kwabwino, akulembetsere nambala pa chitupa chake, iwe uzigwiritsa ntchito. Amayi anabwereka dzina la a Chipewa, okonza njinga a pageti, amene chipewa chawo chakuda sankachivula ngakhale kutenthe bwanji. Anali munthu wabwino, sanatilipiritse ngakhale khobidi. Koma a Chipewawo anamwalira mwezi watha ndi chifuwa. Kumaliro ndinapita, bokosi ndinaliona likutsika ndi maso angawa.

Masana amayi anabwereka foni kwa aneba n'kuimbira amalume.

"Mlongo, ndatumiza kale m'mawa," anatero amalume. "Si mwandiyankha kuti zikomo, Mulungu akudalitseni?"

"Ndayankha ndine?"

"Nanga ndani? Nambala ndi yanu yomweyo."

Amayi anadula. Anaika foni yawo patebulo losokera, n'kuimba nambala yawo yomwe pa foni ya anebayo. Tonse tinkayang'ana patebulo. Foni inali chete, koma m'khutu mwa amayi imaitana. Kachitatu, wina anayankha. Timangomva kupuma, kenako kutsokomola kouma, kawiri.

"Dulani," anatero bambo motsitsa mawu. "Chifuwa chimenecho ndikuchidziwa."

Lachiwiri pamjigo nkhani inali itandipitirira kale, ine mwini wake Wailesi.

"Ndawaona a Chipewa dzulo kwa ejenti wa ndalama za pafoni, dzuwa lili paliwombo," anatero mayi woluka tsitsi. "Chipewa chomwechija, kupendeketsa khosi komwekuja. Atapa ndalama n'kulowera njira ya kumanda."

"Mayo ine! Anali ndi chithunzithunzi?" anafunsa mayi wina.

"Ndikanayang'ana pansi ndi mtima uti? Wakufa salola dzina lake lizingoyendayenda m'matumba mwa anthu. Abwera kudzalitenga."

Ndowa yanga inadzaza mpaka kusefukira ine osaona. Kunyumba ndinapeza amayi atakulunga simu m'kansalu koyera, akuti akaikwirire pamanda mwina malemuwo angatikhululukire. Ine mantha ndinali nawo, koma nkhaniyi ndinkafuna kuimva ndekha. Ndinathamangira kwa ejenti.

"Achimwene, n'zoona munapatsa ndalama munthu wakufa?"

"Nambala yachinsinsi anailemba bwinobwino, chitupa anaonetsa, nkhope ndi yomweyo. Ndikanakana bwanji?"

"Manja ake anali ozizira?"

"Choka apa, Wailesi iwe! Kuyambira dzulo makasitomala akundithawa."

Pabenchi panali a Mafayilo, mayi wa ku ofesi yothandiza othawa kwawo, amene amayenda atakumbatira mapepala ngati khanda. Anandiitana ndi chala.

"Mtsikana, tandiuza zonse."

Kundiuza ine kuti ndinene zonse! Ndinayambira pa singano ya bambo mpaka pa kansalu koyera. Anamvetsera osaseka, kenako anati tipite kwanu.

"Mayi, simuyo musaikwirire," anatero atakhala pa mpando wa makasitomala. "Wakufa satapa ndalama. Munthu wina watenga chitupa cha malemu, wapita ku kampani ya mafoni n'kunena kuti simu yake yatayika. Amupatsa ina ya nambala yomweyo, n'chifukwa chake yanu yafa. Nambala yachinsinsi wasinthanso ndi chitupa chomwecho."

"Koma ndalamazo ndi zathu," anatero bambo.

"Ine ndikudziwa. Koma pamakina palembedwa dzina la a Chipewa. Mukapita kukadandaula, akufunsani kuti inu ndinu ndani."

Amayi anagwira pachibwano. "Nanga tikanatani, poti ife satilola?"

"Ankakukanizani kale. Pano zinasintha. Zaka zitatu takhala tikukambirana ndi boma, banki yayikulu ndi makampani a mafoni. Ena ankati chitupa chanu n'chosadalirika. Tinawatengera kuno adzaone momwe mumalembedwera, zala ndi nkhope zomwe. Mapeto ake anavomera. Chitupa chanu cha othawa kwawo tsopano n'chokwanira kulembetsera simu ndi kutsegula akaunti ya ndalama pafoni. Tinamata chikalata pa ofesi miyezi inayi yapitayo."

"Chija cha chidindo chofiira?" ndinalowerera ine. "Pamjigo anati ndi msampha. Akuti akufuna atiwerenge kuti atibweze kwathu."

"Ndipo iwe unathandiza kufalitsa, eti?"

Ndinayang'ana zala zanga za kumapazi.

"Mayi, kuwerengedwa munawerengedwa kale tsiku lomwe munalandira chitupacho," anapitiriza a Mafayilo. "Kulembetsa simu sikusintha chilichonse pa nkhani yanu yokhala kuno. Chimene kumasintha n'chakuti ndalama zimakhala pa dzina lanu. Foni ikabedwa, mumapita nokha kukatseketsa."

Lachitatu m'mawa amayi analowa mu shopu ya mafoni, chitupa chili m'manja. Mtsikana wa pakauntala anachiyang'ana, anawajambula, n'kuwauza kuti asankhe nambala yachinsinsi.

"Musauze aliyense, ngakhale mwana wanu."

"Makamaka ameneyu," anatero amayi.

Kuchoka apo a Mafayilo anatitengera kwa mkazi wa malemu kuti tikafunse za chitupa cha amuna ake. Nyumba yake ili kuseri kwa manda, njira yake yodutsa m'mitengo momwe ngakhale mbalame sizilira. Tinatulukira pabwalo. Pakhonde panakhala munthu atatipatsa msana, chipewa chakuda kumutu, khosi lopendekeka, akupopa tayala la njinga. Anatsokomola kawiri. Amayi anandigwira dzanja mpaka zikhadabo kulowa.

Munthuyo anatembenuka pang'onopang'ono. Nkhope inali ya a Chipewa, koma yopanda imvi.

"Ndi alamu anga amenewo, mng'ono wawo wa malemu," anatero mayi wamasiye akutuluka m'nyumba. "Anabwera kumaliro kuchokera kutali, mpaka lero sanabwerere. Kwagwanji?"

A Mafayilo anafotokoza. Mayiyo analowa m'nyumba, tinamva akutsegula sutikesi, anatuluka maso ali psuu.

"Alamu, chitupa cha amuna anga chili kuti?"

"Ndalama za pa dzina la achimwene ndi za banja," anatero bamboyo.

"Za banja? Bwanji ine sindinazione? Amuna anga anabwereketsa dzina kuti athandize anthu, inu mukuyenda nalo n'kumaba, mudzi wonse ukuti akuzuka! Vulani chipewacho."

"Bambo, kudzitcha munthu wina ndi chitupa chake ndi mlandu wa kupolisi," anawonjezera a Mafayilo. "Musankhe nokha kumene tikathere nkhaniyi."

Anavula. Opanda chipewa anali kamunthu wamba ka dazi, thukuta lili kamukamu. Anatulutsa ndalama m'sokosi, koma zinali zitatsala theka. Zina anali atadya. Zimenezo sitinazionenso.

Madzulo amayi anaimbira amalume pa nambala yatsopano. Amalume anakalipa kaye, monga mwa nthawi zonse, kenako anatumiza zotsalazo. Lachinayi tinakwera basi ndi bambo, kuchipatala anali omaliza pamzere koma analowa. Lachisanu adokotala atawamasula bandeji, bambo anaphethira kwa nthawi yaitali, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe, watalika chonchi liti? Ine ndimayesa chakula ndi pakamwa pokha."

Amayi anaseka mpaka misozi, anamwino n'kutiuza kuti tichepetse phokoso.

Ndiye anzanga, imvani kwa ine. Musasunge ndalama zanu pa dzina la munthu wina, ngakhale akhale wabwino chotani, chifukwa mawa simukulidziwa. Pitani ku ofesi yothandiza othawa kwawo mukafunse ngati chitupa chanu chikuloledwa, mukalembetse nambala pa dzina lanu, ndipo nambala yachinsinsi ikhale yanu nokha. Mukaona chikalata chimene simukuchimvetsa, funsani amene anachimata. Ife kusafunsa kunatidyera theka la ndalama, ndipo pang'onong'ono bambo akanakhala chaka china osaona.