Mabisiketi a Torill

Thireyi yachitatu inatuluka mu uvuni ili ngati ziwiri zoyamba zija: mabisiketi onse atagwirana, m'mbali mutapserera, pakati pali phala. Torill anaiponya musinki n'kuima atagwira m'chiuno.

Linali Lachitatu. Mwamuna wake Arnfinn anagwa Lamlungu m'munda wa maapozi, mtima utangoima, ndipo maliro anali Lachisanu. M'mudzi wawo wa Ulvik munalibe amene akanamwa khofi wa pamaliro a Arnfinn popanda mabisiketi ake a ufa wa otsi ndi maapozi. Chaka chilichonse masamba akayamba kuyoyoka, mkuluyu ankathamangitsa mkazi wake m'khitchini, kutseka chitseko, n'kuphika tsiku lonse. Mawa lake ankayenda khomo ndi khomo kugawa. "Awa ndi mabisiketi a Torill," ankatero, mpaka dzinalo linakhazikika. Tsoka lake, mwini dzinayo ankangodziwa kudya.

Sunniva, mwana wa Arnfinn wa kwa mkazi woyamba, anasuzumira musinki muja.

"Musakwiye," anatero. "Ndawaimbira foni amayi. Ali m'njira."

"Amayi ako adzatani muno?"

"Kaphikidwe kake amakadziwa."

"Akadziwa bwanji? Bambo ako anayamba kuphika zimenezi atakwatira ine."

Sunniva anangoyang'ana pansi.

Gunvor, amayi a Sunniva aja, anafika atanyamula epuloni yakeyake. Kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri azimayi awiriwa ankangogwedezerana mutu akakumana kusitolo. Torill sanalande mwamuna wa munthu ayi, anamupeza banja litatha kalekale. Koma nsanje sifunsa kuti anayamba ndani.

"Pepani ndi zovutazi," anatero Gunvor, maso ali kale pa thireyi. "Maapozi mwachita kuduladula?"

"Nanga ndikanawameza?"

"Ndiye mwaphika phalatu. Amafunika kukwecha, kenako kufinya m'kansalu madzi onse atuluke."

Anakoka dilowa yachiwiri kuchokera pansi osafunsa munthu, n'kutulutsa chokwechera. Torill anali atachifunafuna m'mawa wonse osachipeza. Zinamuwawa kuposa mawu aja. Nyumba yake yomwe, koma manja a mayi uyu ankaidziwa ngati anachokamo dzulo.

Gunvor anatenga maapozi m'basiketi imene Arnfinn anaisiya pansi pa mtengo Lamlungu lija. Ankakwecha mwachangu, uku akulamula Sunniva kuti asungunule batala mpaka adereko.

"Amayi anga ankatero," anawonjezera.

"Amayi anu?"

"Mumayesa Arnfinn anachita kulota? Ndi mabisiketi akwathu awa. Ndinkamuphikira chaka ndi chaka, iye ali khale pampando uwo, ntchito kunyambita zala. Tsiku limene ndinamva kusitolo kuti kwabwera mabisiketi a Torill, ndinaseka mpaka misozi."

"Bwanji simunanene?"

"Ndikanene kuti, kupolisi?"

"Amayi, chonde," anatero Sunniva.

Torill anakhala pansi. Zaka zonsezi wakhala akudya mabisiketi a mkazi wina, atangomatidwa dzina lake pamwamba, iye n'kumanyada mudzi wonse ukuona. Kapena ena ankadziwa, ankangomusekera kumbali. Anachita nsanje ndi manja ofulumira aja, ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu zimene Gunvor anadyerera unyamata wa Arnfinn, ndi mwana wamtali uyu amene anatengera chibwano cha bambo ake. Iye Mulungu sanamupatse mwana. Chimene ankati n'chake yekha chinali ichi, ndipo nacho chinali chobwereka. Analakalaka Arnfinn atadzuka kwa mphindi zisanu zokha kuti amufunse bwino.

Anavula epuloni n'kuipinda.

"Lachisanu mukawauze anthu kuti ndi anu," anatero. "Ine za dzina lobwereka ndakana."

"Ine sindinabwerere dzina. Ndabwerera mwana wangayu, asakachite manyazi pamaliro a bambo ake."

Torill anali atafika pachitseko pamene anaona Gunvor akuthira sinamoni m'mbale ya otsi, n'kutenga mthiko kuti atakase.

"Kadamoni simunathire."

"Samalowa kadamoni."

"Amalowa, wambirinso. Kuphika ndilibe nako luso, koma lilime ndili nalo."

Gunvor anaika mthiko pansi. "Arnfinn ndi kadamoni? Munthu uja akangomva fungo lake ankayetsemula mpaka maso kutupa. M'nthawi yanga kadamoni sankalowa m'nyumba muno, ndi pa Khirisimasi pomwe. Apongozi ankanyoza buledi wanga kuti n'ngozizira, chifukwa cha iyeyo."

Torill anakwera pampando, n'kutsitsa kamtondo kamwala ndi botolo la njere zonunkhira za kadamoni, litatsala theka. Anaziika patebulo, pamaso pa Gunvor.

Gunvor anatenga kamtondo kaja n'kununkhiza. Fungolo linali litalowerera mpaka m'mwala, losati la chaka chimodzi kapena ziwiri.

"Simunalawepo?" anafunsa Torill.

"Akandibweretsera Sunniva ndinkapatsa nkhuku." Anatembenuza kamtondoko. "Ankasinja yekha?"

"Yekha, atadzitsekera."

"Wokonda kadamoni ndani muno?"

"Ndine. Ndinamuuzapo kamodzi, tisanakwatirane."

Apo m'pamene Torill anakumbukira mmene mwamuna wake ankatulukira m'khitchini madzulo a tsiku lophika, maso ali psuu, mphuno ikuchucha. Ankati ndi chimfine cha nyengo ino, sichimuphonya. Ukamupatsa bisiketi ankakana, amvekere wophika amakhuta ndi fungo. Torill n'kumamuphikira tiyi wa mandimu, kumukalipira kuti savala zofunda.

"Kamodzi," anatero Gunvor chapansipansi. "Ine ndinapempha zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Kabuledi kamodzi kokha pachaka. Ankati ndikufuna kumupha."

Nkhope yake inagwa, ndipo Torill anaizindikira nthendayo, poti inali itangomuchoka iyeyo. Akanatha kubwezera pamenepo, mawu anali nawo okonzeka kale. Koma anapeza kuti sakumukomanso.

"Kufinya maapozi kuja sindikanakudziwa," anatero m'malo mwake. "Anakusunga monga munamuphunzitsira."

"Musandinyengerere, sindine mwana." Gunvor anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kukankhira kamtondo kwa Torill. "Sinjani. Amene anthu akudikira Lachisanu si anga ayi."

Torill anavalanso epuloni. Anathira njere m'kamtondo n'kuyamba kusinja, fungo n'kudzaza khitchini yonse. Atasinja pang'ono anaima. Anapita kuzenera loyang'ana kumunda n'kulitsegula, kenako linzake. Mphepo ya kumapiri inalowa, kansalu ka patebulo n'kuyamba kupepeluka.

"Kukuziziratu," anatero Sunniva.

"Bambo ako ankaphika mazenera onse ali pululu. Ndinkawaona ndili kumunda, ndiye ndinkakuwa kuti akungowononga magetsi."

Gunvor anatenga jasi lake pachitseko, analivala pamwamba pa epuloni, n'kubwerera kukafinya maapozi.