Rozina ndi Masitepe a pa Nsanja

Holo yatsopano ya pa boma la Mwanza inatchuka isanatsegulidwe n'komwe. Sinatchuke ndi malata kapena mipando ayi, koma ndi kanjira ka simenti kotsetsereka kamene anakonza pakhomo, koti munthu wa njinga ya olumala azilowa yekha osapempha womukankha. Mbiri ya kanjirako inakwera mapiri mpaka kwa Kanduku, ndipo itamupeza Rozina pamsewu pomwe ankagulitsa manachesi, mayiyo analiza belu la njinga yake mpaka agalu kuuwa.

Rozina anafota miyendo ndi poliyo akadali kumsana. Ankayenda pa njinga ya mateyala atatu yopalasa ndi manja, ndipo manja akewo anali olimba kuposa a anyamata ambiri otentha makala. Koma chimene anthu ankamudziwa nacho kwambiri ndi pakamwa. Ukangonyoza nachesi limodzi kuti ndi lowawasa, unkachoka utagula mulu wonse, anzako akukuseka. Pakamwa pomwepo ndi pamene panamulowetsa m'gulu la zisudzo la m'deralo, lomwe ankalitsogolera Timoti, telala wa pamsika.

Sewero lawo la chaka chimenecho analipeka ndi Rozina yemweyo. Linali la mayi wotchedwa Malita, wogulitsa manachesi ali pa njinga, amene mwamuna wake woyendetsa thiraki anapita ku Tete osabweranso. Thiraki iliyonse ikamadutsa, Malita ankaliza belu n'kufunsa dalaivala ngati anamuonako. Anthu ankaseka mpaka kugwira nthiti, kenako n'kungozindikira kuti misozi ili m'masaya. Gululo linali litasewera kale pabwalo la tchalitchi ndi pansi pa mitengo ya pasukulu, pafumbi, anthu ataimirira mozungulira. Apa ndi pamene panali chilonda cha Rozina. Moyo wake wonse anthu ankamuyang'ana choweramitsa mutu, monga mmene munthu amayang'anira mwana. Iye ankafuna tsiku limodzi lokha akhale pa nsanja, anthu amuyang'ane chokweza mutu.

Ndiye atamva kuti mu holo yatsopanoyo mukhala mpikisano wa zisudzo, opambana akapikisane ku Blantyre, Rozina anati tsiku lija lakwana. Timoti anatsikira ku boma kukalembetsa gulu ndi kukaona malo. Atabwerako anangoti holoyo ndi yabwino, kanjira kaja kalikodi. Sananene zambiri, ndipo Rozina, amene masiku onse ankamva ndi zosanenedwa zomwe, ulendo uno chimwemwe chinamutseka makutu.

Tsiku la mpikisano kunacha ndi chiperoni. Gululo linakwera matola, njinga itamangidwa pamwamba pa matumba a mtedza. Rozina anakwera yekha ndi manja ake, pakuti aliyense kwa Kanduku ankadziwa kuti Rozina sanyamulidwa. Ali ku pulayimale, anyamata ena anamunyamulapo anayi, miyendo kutsogolo, n'kumazungulira naye bwalo akuimba nyimbo ya pamaliro, sukulu yonse ikuseka. Amayi ake atamva analira ngati kwafadi munthu, akuti wamoyo sanyamulidwa chotero, ndi kulaula kumeneko. Kuyambira tsiku limenelo Rozina analumbira kuti anthu anayi adzamunyamulanso akadzafa basi.

Kanjira kaja sanakanamizire. Rozina anakakwera yekha, osapuma, n'kulowa mu holo akuliza belu. Mtima wake unadzaza, ndipo akanakhala ndi miyendo bwenzi atavina. Pakhomo anamulandira bambo wina wovala suti yotuwa, dzina lake Aloysius, amene bungwe lomanga holoyo linamutumiza kuchokera kumpoto kuti aziyang'anira malowo.

"Takulandirani mayi, takulandirani! Mwaona nokha eti? Anzathu aulumali sitinawaiwale. Bwerani kuno, malo anu tinakonza kale."

Anamutsogolera kutsogolo, pambali pa masofa a alendo olemekezeka, pomwe anasiya danga n'kulipaka penti yachikasu. Palibe amene akanamutchinga pamenepo. Rozina anathokoza mwaulemu, kenako anati, "Koma bambo, ine sindinabwere kudzaonera. Ndabwera kudzasewera. Yopitira pa nsanja ili kuti?"

Aloysius anatembenukira ku nsanja. Nsanjayo inali yaitali, yofika m'chifuwa mwa munthu woimirira. Kumbali kwake kunali masitepe opapatiza okhala ndi zitsulo zogwirira uku ndi uku, ndipo kumbuyo kunalibe khomo lina. Amisiri, bungwe, opereka thandizo, onse anakhala pansi n'kuganiza bwinobwino za wolumala wodzaombera anzake m'manja. Za wolumala wodzaomberedwa m'manja sanaganizeko ndi mmodzi yemwe. Ndipo sikuti anali anthu oipa. Kungoti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo pa onse amene anajambula holoyo panalibe amene m'mimba munkamupweteka.

"Sori kwambiri madamu," anatero Aloysius akupukuta pamphumi ngakhale kunkazizira. "Zimenezi sitinaziganizire. Bwanji a gulu lanu sanatiuze?"

Rozina anacheuka kuti ayang'ane Timoti, koma Timoti anali atatanganidwa ndi kumasula chingwe cha ng'oma chomwe sichinali chomangika.

"Palibe kanthu," anatero Rozina. "Tisewerera pansi pompa. Ife fumbi tinalizolowera."

Aloysius anapukusa mutu. Pansipo panali masofa, ndipo alendo anali atakhala kale, miyendo yopiringiza, mabotolo a madzi ali patsogolo. Ndani akanauza bwana wochokera ku Blantyre kuti dzukani tisunthe sofa? Komanso oweruza anali atanena kuti gulu losakwera pa nsanja silipatsidwa malikisi.

"Chabwino. Anyamata akweze njinga yokhayo. Ine masitepewo ndikwera ndi manja, sindiyamba lero."

"Ayi mayi, chonde, zimenezo ayi," Aloysius anatsitsa mawu. "Muli makamera muno. Munthu azikwawa mu holo imene tikuti ndi yokomera aulumali? Mawa tidzaoneka bwanji? Tikunyamulani bwinobwino ndi njinga yomwe, mphindi imodzi basi."

Apa Rozina anayang'ana anzake a m'gulu, amene anasiya minda ndi misika yawo kwa miyezi akuyeserera seweroli, ena atabwereka ndi nsapato zomwe. Anayang'ananso nsanja ija, matabwa ake akunyezimira, katani yofiira itapachikidwa kumbuyo. Anaifuna nsanjayo ndi mtima wake wonse. Anadziuza kuti za ku pulayimale zinapita kalekale, ndipo amene ali muno ndi anthu akuluakulu.

Atatchula dzina la gulu lawo, Rozina anati, "Bwerani mundinyamule. Koma msanga."

Anabwera amuna anayi, awiri kutsogolo, awiri kumbuyo. Njingayo inali yolemera, ndipo kuti ifike pa nsanja anayenera kuikweza mpaka m'mapewa, teyala lakutsogolo likutsogola, miyendo ya Rozina ikutsogola nalo. Holo inati zii. Rozina anagwira zitsulo za njinga mwamphamvu n'kutseka maso. Ndiye kumbuyo kwenikweni wina anayamba kung'ung'udza nyimbo ya pamaliro, chapansipansi, mwina pongofuna kuseketsa mnzake wapambali. Mnzakeyo anapolokezera. Kuseka kunayambira kumbuyoko n'kumabwera kutsogolo mzere ndi mzere, mpaka mmodzi mwa onyamulawo mapewa anayamba kumugwedezeka.

"Nditsitseni," anatero Rozina.

"Tafika kale achemwali, kwangotsala pang'ono," anatero mmodzi wa iwo.

"Ndati nditsitseni! Sindinafe ine!"

Mawuwo anamveka holo yonse, pakuti Rozina mawu anali nawo. Kuseka kunazima. Anamutsitsa pansi pomwe anamutenga, ndipo iye anapalasa yekha n'kukaima pa danga lachikasu lija. Manyazi amene ankaganiza kuti anawasiya pabwalo la sukulu anali atamupeza, ndipo anali akadali amsinkhu womwe uja.

Timoti anabwera n'kugwada pambali pake. "A Rozina, oweruza akuti tikachedwa atichotsa. Mwina Esime angoyesako. Mukuti bwanji?"

Esime anali msuweni wa Rozina, mtsikana wofatsa amene m'seweromo ankangoimba nawo kumbuyo. Rozina anamumvera chisoni. Mwana ameneyu akakwera pamenepo akasowa chonena, anthu amuseka ngati mmene amusekera iye. Komabe anagwedeza mutu kuvomera, ndipo anakonzeka kuti azimunong'oneza mawu kuchokera pansi pomwepo.

Katani itatseguka, Esime anatulukira atasenza dengu la manachesi pamutu, nkhata ili bwinobwino. Rozina anadabwa kuti denguli lachokera kuti, popeza Malita wake manachesi amaika m'bokosi la kumbuyo kwa njinga. Kenako Esime anayamba kulankhula. Sanakakamire, sanayang'ane pansi kufuna thandizo. Pomwe Malita ankaliza belu, Esime ankaimba mluzu, ndipo woimba ng'oma ankamuyankha pa nthawi yake ngati anthu ozolowerana. Atafika pamene Malita amalumbira kuti adzapalasa njinga yake mpaka ku Tete kukamugwira mwamunayo pakhosi, Esime anamenya ntchafu zake n'kunena kuti, "Miyendo yanga iwiriyi idzandifikitsa ku Tete!" Holo inaphulika ndi kuseka.

Pamenepo ndi pamene Rozina anamvetsa. Mawu amenewo munthu sangawapeke ali pa nsanja, mtima ukugunda. Anawakonzeratu. Timoti anawaona masitepewo tsiku lija anabwera kudzalembetsa, ndipo m'malo momuuza, kapena kukangana ndi eni holo nthawi ikadalipo, anakayamba kuphunzitsa Esime kuseri. Gulu lonse linkadziwa. Anakwera naye matola amodzi, akuseka nthabwala zake, dengu lili m'thumba pansi pa mpando.

Zinamupweteka kuposa nyimbo ya pamaliro ija. Ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti Esime ankasewera bwino. Anthu anaseka pomwe Rozina anafuna kuti aseke, anakhala chete pomwe anafuna kuti akhale chete, ndipo mayi wina pa sofa anatulutsa kansalu n'kupukuta m'maso. Onsewo anali atakweza mitu kuyang'ana pa nsanja. Naye Rozina anali atakweza wake, mpaka khosi linamuwawa.

Magulu ena anasewera, oweruza ananong'onezana, ndipo madzulo asanafike analengeza kuti gulu la kwa Kanduku ndi lomwe lipite ku Blantyre. Anzake analumpha, kukumbatirana, Esime akulira ndi chimwemwe. Aloysius anabwera ndi mlendo wolemekezeka uja pamodzi ndi wojambula zithunzi, n'kuwaimika pambali pa njinga ya Rozina.

"Awa ndi oyamba kugwiritsa ntchito kanjira kathu, bwana," anatero monyadira, ngati zam'mawa zija zinachitikira ku holo ina.

Mlendoyo anawerama n'kulankhula mokweza, mawu amodziamodzi, ngati kuti kufota kwa miyendo kumatsekanso makutu. "Mwasangalala nalo sewero, mayi? Kale zoterezi simukanaonera, si choncho?"

Anthu a kwa Kanduku amene anali pafupi anadikira kuti pakamwa paja patseguke. Rozina anangoti, "Ndaonera, bwana." Kamera inathwanima.

Anthu atayamba kutuluka, Timoti anabwera ali chinyoshonyosho, chipewa chili m'manja. "Achemwali, musandione ngati munthu woipa. Ndinkaopa kukuuzani. Munali mutasangalala kwambiri. Ndinkati mwina pofika lero akhala atakonza."

"Munawauza kuti akonze?"

Timoti anayang'ana chipewa chake.

"Nanga ku Blantyre mukupitako, nsanja yake ili ndi masitepe?"

"Ndamva kuti aliko."

"Ndiye mumuuze Esime asataye dengu," anatero Rozina. "Komanso pa mawu a ku Tete paja asamafulumire. Azidikira kaye anthu amalize kuseka."

Timoti anafuna kugwira njinga kuti amuperekeze, koma Rozina anachotsa dzanja lakelo mosakalipa. Anapalasa yekha kudutsa pakati pa mipando, anthu akumupatukira, ena akuyang'ana kumbali. Kunja chiperoni chinali chisanaleke, ndipo mathiraki opita ku Mozambique anali atandandalika m'mbali mwa msewu. Belu sanalize. Kanjira ka simenti kaja kanali kosalala ndithu, amisiri anakagwira bwino, moti potuluka Rozina sanafunike ndi kupalasa komwe.