Gitala Pakati pa Masipanala

Zaka khumi ndi chimodzi ndaimba gitala mu bandi ya Yathish, ndipo zaka zonsezo ndinkauza aliyense kuti vuto ndi gitala. Sikuti ndinkanama. Gitala yangayo inali yokhota khosi, nsambo zinkamasuka zokha nyimbo ili mkati, ndipo ukailumikiza ku sipika inkang'ung'udza ngati firiji yakale usanaikhudze n'komwe. Nyimbo zathu ndi za metulo, za magitala obangula ndi kukuwa, zija zoti aneba amagogoda kudzafunsa ngati kwagwa zovuta, koma phokoso nalonso lili ndi dongosolo lake.

Yathish, mwini bandi ndiponso woimba ng'oma, anatopa nazo. Tinaitanidwa kukaimba ku Chennai, koyamba kutuluka mu Bengaluru, ndipo tsiku lina anafika koyeserera ali ndi mlendo, Alwyn Pinto wa ku Mangaluru, watsitsi lofika m'chiuno, atanyamula gitala ya mtengo wa galimoto.

"Aise Lohith, tisanamizane," anatero Yathish. "Iwe umati gitala. Chabwino, peza ina. Loweruka masana udzaimbe nyimbo zathu zitatu zija. Zikamveka, ku Chennai ukupita ndiwe. Zikakanika, akupita Alwyn, ndipo malowo ndi ake basi."

Alwyn anayang'ana pansi. Anali munthu waulemu, zimene zinandinyansa kwambiri, chifukwa mdani waulemu sudziwa pomugwira. Ine ndili ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo masana onse ndimakhala pa foni mu ofesi ya inshuwalansi kumvetsera anthu amene agundana pamsewu. Bandi ndi chinthu chokhacho chimene ndinkachita ndi mtima wonse. Ndinachita mantha, ndisabise.

Lachiwiri ndinapita kusitolo. Magitala otchipa anali pakhomo penipeni, odikira ana amene adzawasiye pansi pa bedi pakatha miyezi iwiri. Odula anali m'kabati ya galasi yokhoma. Ine ndinaima pakhoma lapakati, la anthu a malipiro a pamwezi. Ndinatsitsa yakuda bii, yosanyezimira, yopangidwa ku Indonesia. Khosi lake linali lopyapyala, lophwatalala, dzanja likungotsetsereka. Tizitsulo todindapo nsambo tinali tosalala m'mbali, osati tija timakucheka chala ukafulumira. Ndinamasula nsambo kuti mawu atsike pansi monga timaimbira, ndinaikhwatcha mopanda chisoni theka la ola, koma sinachoke pamene ndinaichunira. Mawu ake anali onenepa koma osamatana, ndipo ukagwira nsambo kuti ikhale chete inkakhaladi chete. Zolakwika zinalipo: kachitsulo kokwezera mawu kankagwedera pang'ono, ndipo kumbuyo penti inali ndi kachipsera. Mnyamata wogulitsa anati zimenezo ndi zimene zimasiyanitsa khoma lapakati ndi kabati yokhoma. Ndinalipira ndi kutuluka ndikudziona kale ndili ku Chennai.

Kunyumba ndimakhala ndi makolo. Bambo anga, a Channappa, anagwira makina osemera zitsulo m'fakitale ku Peenya zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, ndipo amaweruza dziko lonse ndi rula yachitsulo. Chaka chilichonse pa Ayudha Puja, mwambo wolemekeza zipangizo za ntchito, amapukuta zipangizo zonse za m'nyumba, kuzindandalika pansalu patsogolo pa zithunzi za milungu, kuzidontheza ufa wofiira ndi kuziveka maluwa, ndipo palibe amazikhudza mpaka m'mawa mwake. Masipanala awo amakhalapo, makina osokera a mayi, chopera zokometsera ndiwo, ngakhale ambulera inakhalapo chaka china. Gitala yanga sinakhalepo n'kamodzi komwe.

"Chipangizo chimadyetsa munthu," ankatero. "Icho chimangodya magetsi."

Zinkandipweteka, koma chaka chino ndinaona ngati zindithandiza. Loweruka la mayeso linali tsiku la mwambowo. Yathish analisankha chifukwa linali la tchuthi, ndipo ine sindinade nkhawa.

M'mawa ndikutuluka kosamba ndinapeza thumba la gitala lili yasaa pabedi, mulibe kanthu. Ndinathamangira pabalaza thaulo lili m'chiuno. Inali pamenepo, itatsamira khoma pakati pa masipanala ndi makina osokera, nkhata ya maluwa oyera ikulendewera m'khosi, madontho atatu ofiira pathupi lakudalo, ndimu ili pansi pake. Gitala yogulira nyimbo za manda ndi mizukwa inkaoneka ngati mkwatibwi.

"Bambo, mwachita chiyani?"

Anali akuyatsa lubani, sanatembenuke. "Kavale. Waima pamaso pa milungu ngati ukupita kumtsinje."

"Gitalayo ndikuifuna masana ano."

"Uitenga mawa."

"Zaka zonsezi mumati si chipangizo."

"Ija sinali chipangizo, inali nkhuni. Iyi dzulo uli kuntchito ndinaiika rula. Khosi lawongoka. Tizitsuloti ndatiyeza tonse makumi awiri ndi tinayi, palibe kokwera kuposa kanzake. Amene anapanga ichi amadziwa ntchito." Anakanda chibwano. "Kachitsulo kogwedera kaja ndakamanga. Anaiwala washala."

Ndinagwira njakata. Zaka khumi ndi chimodzi ndinadikira kuti bambowa aone gitala yanga ngati chinthu, ndipo anasankha tsiku limene ulemu wawo ukanandichotsetsa mu bandi. Kunyamula gitalayo kukanakhala kuwalavulira m'manja. Kuisiya kunali kupereka malo anga kwa Alwyn. Ndinapita kukhitchini kukadandaula kwa mayi, koma iwo anangondipatsa mbale ya idli, timikate ta mpunga, ndi kunena kuti ndisaiwale kugwada.

Ndinaimbira foni Yathish. Anaseka, kenako anakwiya.

"Ndiwe munthu wamkulu iwe? Ukuopa maluwa? Dikira, ndikubwera ndidzaichotse ndekha."

Yathish ndi amene amalemba mawu a nyimbo zathu, ndipo palibe mulungu amene sanamutukwanepo. Anafika pa njinga yamoto atakweza Alwyn, atavala malaya a chibade chotuluka njoka m'maso. Pakhomo anavula nsapato, chifukwa ngakhale wotukwana milungu anabadwira kwinakwake. Analowa chifuwa chili patsogolo mpaka anafika pansalu paja. Bambo anamuyang'ana, anaviika chala mu ufa wofiira ndi kumudinda pamphumi.

"Tambasula manja, mwana wanga."

Yathish anatambasula. Anamuthira mpunga wokazinga wosakaniza ndi shuga wakuda mpaka unadzaza manja onse awiri. Anangoima choncho, gitala ili patsogolo pake, alibe chala chotsala.

"Mayi ako ali bwanji? Mwaika zanu kunyumba?"

"Taika, bambo," anayankha ndi timawu tomwe sindinamumvepo nato.

"Mwaika chiyani?" ndinafunsa ine.

Anatafuna mpunga kwa nthawi yaitali. "Ndodo zoimbira ng'oma. Ndi chopondera. Akazi anga anatenga ndili mtulo. Ndimati ndikabwereka koyeserera."

Alwyn anatsokomola. "Ine ndine Mkatolika, bambo. Mwina ndikainyamula ine sipakhala mlandu."

Bambo anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kutsitsi.

"Ayi, ndimangonena," anatero Alwyn, ndipo nayenso anatambasula manja.

Nkhaniyo anaigamula ndi bambo, ngakhale palibe anawapempha. Mwambo umati m'mawa wa tsiku lotsatira chipangizo chichotsedwe ndipo mwini wake achigwiritse ntchito pomwepo. Ndiye ngati pali mayeso, achitikire pabalaza pawo, nayini koloko, khofi akhalapo. Yathish anavomera ndi mutu m'kamwa muli modzaza. Ine mtima unakhala m'malo. Ndinaganiza kuti ndapulumuka mbali zonse ziwiri, ndipo masana onsewo ndinawathera ndikuyang'ana gitala yanga ili m'maluwa, ndikudzichemerera.

Lamlungu anafikadi. Yathish anabwera ndi kang'oma kamodzi ndi ndodo zake, zikadali ndi madontho ofiira. Bambo anachotsa nkhata, ananyamula gitala ndi manja awiri n'kundipatsa. Ndinawagwira mapazi. Ndinalumikiza ku sipika, ndipo panali zii, osang'ung'udza. Mayi anatseka chitseko cha kukhitchini.

Tinayamba ndi nyimbo yathu yotchedwa Mvula ya Misomali. Poyambira imayenda pang'onopang'ono, ndipo gitala inabangula mpaka mbale za m'kabati zinayankha. Yathish anamwetulira. Kenako tinafika pamene nyimbo imakhota n'kuyamba liwiro, pamene dzanja lamanja limayenera kugunda nsambo yonenepa mosapumira. Apa ndinamva chinthu chimene sindinachimvepo. Mawu aliwonse ankatuluka paokha, oyera, ndipo ankatuluka mochedwa. Ng'oma inali kutsogolo, ine ndikuitsatira ngati munthu wothamangira basi. Gitala yakale ija inkaphwanya zonse kukhala phala limodzi, moti palibe ankadziwa pamene ine ndathera ndi pamene nkhuni yayambira.

"Tibwereze," anatero Yathish osandiyang'ana.

Tinabwereza. Zinali zomwezo, malo omwewo.

"Nsambo zikadali zatsopano," ndinatero. "Ndiponso utsi wa lubani uja, mwina walowa m'timaginito tokoka mawu."

Bambo anaika kapu ya khofi pansi. "Kufakitale zitsulo zikamatuluka zokhota, woyendetsa n'kumati ndi makina, sitinkakangana naye. Tinkangoikapo munthu wina. Mpatse mnzakoyo."

Ndikanakonda akanandimenya mbama. Alwyn anakana kawiri, mwaulemu wake uja, kenako anailandira. Nyimboyo anali ataimva katatu kokha. Anaiimba kuyambira pokhota paja mpaka kumapeto, dzanja likungoyenda pang'ono ngati sakuchita kanthu, ndipo gitala yanga inamveka monga ndinkaimvera m'maloto. Inali gitala yabwino zedi. Sindinaidepo monga ndinaidera nthawi imeneyo.

"Aise, khosi ili likuposa la yanga," anatero Alwyn akuitembenuza. "Wagula bwino."

Yathish anazunguza ndodo m'zala, anayang'ana kudenga, anayang'ana zithunzi za milungu ngati angamuthandize.

"Lohith, ndiwe m'bale wanga," anayamba.

"Ndamva," ndinatero. "Usavutike."

Anamaliza khofi mofulumira n'kutsazika. Alwyn anandigwira phewa pakhomo, ndipo ndinalephera ngakhale kumukwiyira. Njinga italira n'kupita, ndinabwerera pabalaza, ndinazula waya, ndinayamba kulowetsa gitala m'thumba. Maso anali akuwotcha. Ndinkaganiza za Lolemba, za foni ndi anthu ogundana pamsewu, ndi kuti tsopano moyo wanga wonse ndi umenewo.

"Ukuiika kuti?" anafunsa bambo.

"Andichotsa, bambo."

"Ndamva. Sindine gonthi, ngakhale mwayesetsa zaka zonsezi." Anakokera mpando pafupi. "Dzulo ndaiika pakati pa masipanala anga, aneba onse aiona. Sindinaiveke maluwa kuti ikagone pansi pa bedi. Bwezera wayayo."

"Ndiimbire ndani?"

"Ukafika pokhota paja umakweza phewa. Kawiri konse. Phewa likakwera, dzanja limauma, ndiye umachedwa. Ndaona anthu ambiri akuwononga zitsulo chifukwa cha phewa."

Ndinawayang'ana. Bambowa sanabwerepo kudzationa tikuimba, ndipo nyimbo zathu amazitcha ngozi. Koma anali atakhala pamenepo akuyang'ana phewa langa pamene mnzanga wa zaka khumi ndi chimodzi ankayang'ana kudenga. Misozi inatsika, ndipo ndinaisiya itsike. Iwo anachita ngati akufunafuna chinachake patebulo mpaka anapeza supuni. Anatembenuza kapu yawo yachitsulo ya khofi ija chafufumimba n'kuyamba kuigogoda pang'onopang'ono, mofanana, ngati wotchi.

"Nyimboyo sithamanga choncho, bambo. Imathamanga katatu kuposa apo."

"Iyo imathamanga. Iwe sunafike. Yamba."

Ndinalumikiza waya, ndinatsitsa phewa, ndinayamba. Mayi anasuzumira pachitseko cha kukhitchini, anationa, n'kutsekanso. Ndinadutsa pokhota paja bwinobwino, ndipo ndinadzutsa mutu kuti ndione ngati amva.

"Wachedwa," anatero bambo, supuni isanaime. "Bwereza."